Lipoti la wodwala: kutsika kwa BP ndi kusagwa kwa chida mwa bambo amene anamwa sildenafil ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir

Lipotili likunena za bambo a zaka 52 amene anabwera nawo pachipatala chathu m'bandakucha atakomoka kunyumba kwawo. BP yawo inali itatsika kwambiri, ankadandaula pamtima, ndipo titawayeza thupi lonse tinapeza kuti chida chawo chinali chitadzuka kwa maola oposa 5 osagwa. Usiku womwewo anali atamwa mapiritsi awiri a sildenafil (mankhwala othandiza abambo kuchipinda, odziwika pa dzina la Viagra), lililonse la mamiligalamu 100, amene anagula kwa wogulitsa mankhwala wa pamsika, chonsecho tsiku ndi tsiku amamwa ma ARV okhala ndi atazanavir ndi ritonavir pamodzi ndi mankhwala a BP amitundu iwiri. Ndalembera makamaka anzanga ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma ndi m'makiliniki a ma ARV, chifukwa sildenafil payekha ndi mankhwala amene abambo ambiri amamwa popanda vuto lalikulu, koma ngozi yake imabwera akakumana m'thupi ndi mankhwala ena, ndipo mankhwala enawo kawirikawiri timapereka ndife. Bambowa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingachititse kuti munthu awazindikire.

Mmene anafikira

Anafika cha m'ma 4 koloko m'bandakucha pa galimoto ya mnansi wawo, ali limodzi ndi akazi awo. Mayiwo anafotokoza kuti bambo a kunyumba kwawo anadzuka kuti apite kubafa, ndipo atangoimirira anachita chizungulire n'kugwera pakhomo la chipinda. Anatsitsimuka pasanapite nthawi yaitali, sanagwedezeke thupi, sanadzilume lilime ndipo sanadzikodzere. Bambowo ankalankhula zomveka, koma ankadandaula mutu waukulu, kutentha pamtima, ndiponso ankati magetsi a m'chipindamo akuwathobwa m'maso.

BP inali 78/46, mtima unkagunda ka 118 pa mphindi, mpweya wa okosijeni m'magazi unali 97 peresenti, thupi silinatenthe, ndipo shuga anali 212 mg/dL. Chimene ndinaona msanga ndi chakuti manja ndi mapazi awo anali ofunda. Munthu amene BP yake yatsika chifukwa chotaya magazi kapena chifukwa mtima walephera kupopa amakhala wozizira manja, pakuti thupi limatseka mitsempha ya kunja pofuna kusungira magazi ubongo ndi mtima. Manja ofunda pa BP yotsika chonchi amasonyeza kuti mitsempha yatseguka mopitirira, ndipo zikatero timaganiza za matenda olowa m'magazi, za thupi kudana ndi chinthu mwadzidzidzi, kapena za mankhwala. Maso awo anali achikasu pang'ono, koma mayiwo anati akhala choncho kwa zaka, ndipo zimenezi n'zodziwika kwa anthu omwa atazanavir.

Kabuku kawo ka kuchipatala kankasonyeza kuti akhala pa ma ARV kwa zaka 11, ndipo kwa zaka 6 zapitazi akhala akumwa atazanavir ndi ritonavir pamodzi ndi tenofovir ndi lamivudine. Anayesedwapo pa dolutegravir pamene odwala ambiri ankasinthidwa, koma ankasowa tulo kwambiri moti anabwezedwa pa mankhwala awo akale. Kachilombo sikankaoneka m'magazi pa kuyeza komaliza. Pa BP ankamwa amlodipine wa mamiligalamu 10 ndi hydrochlorothiazide wa mamiligalamu 25. Nditawafunsa ngati anamwa mankhwala ena aliwonse, a kusitolo kapena azitsamba, anayang'ana akazi awo n'kukana.

Tinawagoneka chagada miyendo itakwezedwa m'mwamba, n'kuwaika dripi ya normal saline. ECG, imene imayeza kagundidwe ka mtima, inangoonetsa kuti mtima ukuthamanga, popanda chizindikiro chakuti mtsempha wa mtima watsekeka. Koma bambowo sankafuna kuwongola miyendo, ndipo dzanja limodzi linali litagwiritsa chitenje chimene anawafunditsa, osachisiya ngakhale pamene namwino ankafuna mkono umenewo. Ndinapempha mayiwo kuti atidikire panja pang'ono, kenako ndinauza bambowo kuti ndiyenera kuona pamimba ndi m'munsi mwake. Chida chawo chinali cholimba kwambiri thunthu lonse, mutu wake uli wofewa, ndipo ankamva ululu waukulu chikangokhudzidwa. Apa m'pamene anatulutsa mawu akuti, "Adokotala, ndinamwa timapiritsi tija ta buluu, koma mayi a kunyumbawa asadziwe."

Mbiri yeniyeni

Vuto lolephera kuchipinda linawayamba zaka ziwiri zapitazo, ndipo linabwera pang'onopang'ono. Poyamba chida chinkadzuka koma n'kugwa ntchito ili m'kati, kenako ngakhale kudzuka kwa m'mawa kunayamba kusowa. Anayesa kutafuna gondolosi kwa miyezi ingapo osaona kusintha. Kukiliniki ya ma ARV ankapita mosaphonya, koma sananenepo, ndipo akuti panalibe amene anawafunsapo. Ankaopa kuti nkhani ikangotuluka anthu azidzanena kuti anagwa m'papaya. Mnzawo wa kuntchito ndi amene anawalozera kogula mapiritsiwo, ndipo wogulitsayo anangowauza mtengo ndi kuti amwe limodzi nthawi ikayandikira.

Usiku umenewo anadya nsima ya nyama ya nkhumba yonona, anamwa mabotolo awiri a mowa, anamwa ma ARV awo monga mwa masiku onse, ndipo cha m'ma 9 koloko anameza piritsi loyamba. Patatha mphindi 40 osaona kanthu anaganiza kuti awagulitsa mankhwala ofooka, choncho anameza lachiwiri. Pamenepa pali zinthu ziwiri zimene munthu aliyense wopatsidwa sildenafil ayenera kuuzidwa. Chakudya chamafuta chimachedwetsa mankhwalawa kulowa m'magazi ndi pafupifupi ola lathunthu, ndipo mankhwalawa sadzutsa chida paokha ngati munthu sanayambe kukhudzana ndi mnzake kapena kukhala ndi chilakolako. Bambowa anali kudikira atakhala pampando. Chida chinadzuka cha m'ma hafu pasiti 10, koma atamaliza kukhala malo amodzi ndi akazi awo sichinagwe. Ululu unayamba cha m'ma 1 koloko. Anadzithira madzi ozizira kawiri mwakachetechete, ndipo ulendo wachitatu wopita kubafa ndi umene anagwa uja.

Thandizo limene tinapereka

Panali mavuto awiri ofunika kuthana nawo nthawi imodzi. Pa BP, lita yoyamba ya dripi inaikweza kufika 92/58, ndipo yachiwiri inaifikitsa pa 104/66, moti sipanafunike mankhwala okweza BP a mumtsempha. Tinaimitsa amlodipine ndi hydrochlorothiazide. Ma ARV sitinaimitse, chifukwa mphamvu ya ritonavir pa chiwindi siitha tsiku limodzi munthu akasiya kumwa, choncho kuimitsa sikukanathandiza usiku umenewo koma kukanangopatsa kachilombo mpata. Palibe mankhwala osukulutsa sildenafil m'thupi, ndipo ngakhale makina osefa magazi sathandiza pakuti pafupifupi 96 peresenti ya mankhwalawa imakhala yomatirira ku mapuloteni a m'magazi. Chimene timachita ndi kuchirikiza wodwala mpaka chiwindi chitamaliza ntchito yake.

Vuto lachiwiri, limene madokotala amati priapism, silidikira kuti kuche. Chida chikakhala chodzuka kupitirira maola 4, chili cholimba ndi chopweteka, ndiye kuti magazi atsekeredwa m'kati ndipo minofu ikusowa okosijeni. Pakadutsa maola 24 minofuyo imayamba kufa n'kusanduka zipsera, ndipo kupitirira maola 36 n'kovuta kwambiri kuti munthu adzathenso kudzutsa chida mwachilengedwe. Ndinawafotokozera zimenezi mosabisa, ndipo anavomera kuti tipope magaziwo.

Tinatsuka malowo, n'kubaya lignocaine wopanda adrenaline patsinde pa chida kuti pachite dzanzi, kenako tinalowetsa singano yaikulu cha m'mbali, kupewa pamwamba pamene pamadutsa mitsempha ndiponso pansi pamene pali njira ya mkodzo. Singano imodzi imakwanira chifukwa zigawo ziwiri zosunga magazi m'chida n'zolumikizana. Magazi oyamba kutuluka anali akuda bii, okhuthala ngati phala la mawere, ndipo ankabwera mokakamira moti pankafunika kufinya chidacho pang'onopang'ono kuti sirinji idzaze. Maonekedwe amenewo anali umboni wokwanira kuti ndi magazi okhalitsa opanda okosijeni. Tinapopa pang'onopang'ono mamililita pafupifupi 60, tikulowetsa normal saline n'kumutulutsanso, mpaka magazi ofiira anayamba kuoneka. Chida chinafewa pang'ono, koma patangopita mphindi zochepa chinayambanso kulimba.

Mankhwala oyenera kubaya m'chida zikatero ndi phenylephrine, mamaikulogalamu 200 pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, osapitirira miligalamu imodzi pa ola. Ife tinalibe, choncho tinagwiritsa ntchito adrenaline. Tinasakaniza mililita imodzi ya adrenaline wa 1:1,000 mu mamililita 100 a normal saline, zimene zimapereka mamaikulogalamu pafupifupi 10 pa mililita, ndipo tinkabaya mamililita awiri pa nthawi, namwino akuyeza BP ndi kugunda kwa mtima mosalekeza. Ndikutsindika za kusakanizaku chifukwa adrenaline wosasungunula akabayidwa m'chida angathe kupha minofu ndi kusokoneza mtima. Titabaya kachiwiri chida chinagwa ndithu, cha m'ma hafu pasiti 5, patatha maola pafupifupi 7 chidzukireni. Tinamanga bandeji mosathina ndi kuwagoneka mu wodi. Tikanalephera, njira yotsala inali opaleshoni yotsegula njira yoti magazi atulukire kumutu kwa chida, ndipo tinali titadziwitsa kale a kufiyeta.

Magazi amene tinayeza anasonyeza kuti analibe malungo, analibe sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo), ndipo chiwerengero cha maselo oyera chinali chabwino, zimene zinachotsa ganizo la khansa ya m'magazi. Matenda awiri omalizawa tiyenera kuwafufuza kwa aliyense wobwera ndi priapism, ngakhale atavomera kuti anamwa mankhwala, pakuti mankhwalawo angakhale atangoyambitsa vuto mwa munthu amene anali kale pachiopsezo. Impso zinali kugwira bwino ntchito.

Kupweteka pamtima ndi nkhani ya nitrate

Gawo limene ndikufuna tilingalire mofatsa ndi ola limene BP inakwera kufika 104/66 koma bambowo akudandaulabe pamtima. Pamene BP inali 78/46 palibe akanaganiza zowapatsa nitrate, mankhwala otsegula mitsempha ya magazi amene timapereka kwa munthu amene mtima ukumupweteka. Koma bambo a zaka 52, a BP, a shuga wokwera, odandaula pamtima, BP yawo itabwerera pamwamba pa 100, ndi munthu amene ambiri a ife tikanamuika piritsi la glyceryl trinitrate kapena isosorbide dinitrate pansi pa lilime tili ndi mtima woti tikuthandiza. Zikanatero, BP ikanagwa kufika poti dripi yokha sikanaikwezanso, ndipo mtima umene timafuna kuuteteza ndi umene ukanasowa magazi.

Chifukwa chake chili mu mmene mankhwalawa amagwirira ntchito. Munthu akakhala ndi chilakolako, mitsempha ya m'chida imatulutsa nitric oxide, amene amachititsa kuti m'minofu ya m'makoma a mitsempha ya magazi mupangike cGMP, chinthu chimene chimamasula minofuyo. Minofuyo imamasuka, mitsempha imatseguka, ndipo magazi amadzaza m'chida. Kenako enzayimu yotchedwa PDE5 imaphwanya cGMP uja, chida n'kugwa. Sildenafil, tadalafil, vardenafil ndi avanafil onse amatsekereza PDE5. Koma PDE5 sapezeka m'chida mokha, alinso m'mitsempha ya m'mapapo ndi ya thupi lonse. Nitrate amachulukitsa kupangika kwa cGMP, sildenafil amaletsa kuphwanyika kwake, ndipo ziwirizi zikakumana mitsempha ya thupi lonse imatseguka nthawi imodzi. Mbiri ya mankhwalawa payokha imatikumbutsa zimenezi. Akatswiri a kampani ya Pfizer ku Sandwich, m'dziko la England, anapanga sildenafil pofuna mankhwala a BP ndi a kupweteka kwa mtima, ndipo za kudzuka kwa chida zinadziwika pamene ankamuyesa pa anthu. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linamuvomereza mu March 1998 pa dzina la Viagra, ndipo kuyambira 2005 mankhwala omwewa amaperekedwanso kwa odwala BP ya m'mitsempha ya m'mapapo. Ndi mankhwala a mitsempha ya magazi, ndipo tiyenera kuwalemba ndi kuwaopa monga otero.

Lamulo lodziwika ndi lakuti nitrate asaperekedwe pasanathe maola 24 munthu atamwa sildenafil kapena vardenafil, ndi maola 48 atamwa tadalafil, amene amakhalitsa m'thupi. Koma lamulo limeneli linapangidwira munthu amene chiwindi chake chikuchotsa mankhwala mwa nthawi zonse. Kwa bambowa silikanakwanira, pa chifukwa chimene ndifotokoze m'munsimu, choncho tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu pa fayilo ndi m'kabuku kawo kuti asapatsidwe nitrate aliyense kwa masiku atatu. ECG yachiwiri, patatha maola 6, inali yabwino, ndipo ululuwo unali wotentha, wokwera kukhosi, wofanana ndi chilungulira chimene sildenafil amabweretsa pomasula minofu ya pakhomo la chifu. Tinawapatsa magnesium trisilicate m'mawa, kutali ndi nthawi yawo yomwera ma ARV, ndipo unatha. Omeprazole tinamupewa dala, chifukwa atazanavir amafuna asidi wa m'mimba kuti alowe m'magazi, ndipo omeprazole akanafooketsa ma ARV awo.

Chifukwa chimene mapiritsi awiri anachitira zazikulu chonchi

Mamiligalamu 200 ndi owirikiza kawiri mlingo waukulu wololedwa pa tsiku, komabe mwa munthu wosamwa mankhwala ena kawirikawiri amangobweretsa mutu, chizungulire ndi kusaona bwino. Chimene chinakulitsa ngozi ndi ritonavir. Sildenafil amaphwanyidwa m'chiwindi makamaka ndi enzayimu ya CYP3A4, ndipo ritonavir timamuika mu ma ARV dala kuti atsekereze enzayimu imeneyo n'cholinga choti atazanavir, lopinavir kapena darunavir akhalitse m'magazi. Koma ritonavir sasankha mankhwala oti awasunge. Pa kafukufuku amene amalembedwa pa pepala la malangizo a sildenafil, anthu amene anamwa mamiligalamu 100 ali pa ritonavir wa mlingo waukulu anali ndi sildenafil wochuluka kuwirikiza ka 11 m'thupi, ndipo patatha maola 24 m'magazi mwawo munali pafupifupi 200 ng/mL, pamene mwa omwa sildenafil yekha mumatsala pafupifupi 5 ng/mL. Ritonavir wa mamiligalamu 100 amene ali mu ma ARV athu ndi wocheperapo, koma mphamvu yake yotsekereza enzayimuyi ndi yaikulu ndithu. N'chifukwa chake malangizo amati kuphatikiza awiriwa n'kosalimbikitsidwa, ndipo ngati kwachitika munthu asapitirire mamiligalamu 25 pa maola 48. Bambowa anamwa kuwirikiza ka 8 mlingo umenewo pa ola limodzi. Pamwamba pake panali amlodipine, amenenso amachuluka m'magazi chifukwa cha ritonavir, panali hydrochlorothiazide wochepetsa madzi m'thupi, ndiponso mowa.

Tadalafil ndi vardenafil sapulumuka pa vuto limeneli. Kwa munthu wa pa ritonavir, tadalafil sayenera kupitirira mamiligalamu 10 pa maola 72, ndipo vardenafil mamiligalamu 2.5 pa maola 72. Ketoconazole, itraconazole, erythromycin ndi clarithromycin nawonso amatsekereza enzayimu yomweyi, choncho munthu amene wakhala akumwa sildenafil bwinobwino angadzidzimuke ndi chizungulire sabata imene tamupatsa erythromycin wa chifuwa. Dolutegravir, amene odwala athu ambiri akumwa tsopano, sasokonezana ndi sildenafil. Efavirenz, nevirapine ndi rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi moti sildenafil amaoneka wofooka, ndipo munthu amene anazolowera kumwa mapiritsi awiri pa nthawi imeneyo amakhala pangozi tsiku limene mankhwala ake asinthidwa. Abambo achikulire omwa doxazosin, prazosin kapena tamsulosin chifukwa cha prostate ayenera kuyamba ndi mamiligalamu 25, ndipo ayambe pokhapokha BP yawo itakhazikika pa mankhwala enawo.

Maso, makutu ndi zovuta zina

Kutacha bambowa ananena kuti makoma oyera a mu wodi akuoneka a buluu ndipo kuwala kwa pawindo kukuwapweteka. Tinayeza diso lililonse palokha, ndipo onse awiri ankaona bwino, mbali zonse, mwana wa diso akuyankha kuwala mofanana. Izi zimachitika chifukwa sildenafil akachuluka amakhudzanso PDE6, enzayimu ya mu retina (gawo la m'kati mwa diso limene limalandira kuwala), ndipo zimatha mankhwala akachoka m'thupi. Kwa iwo zinatha tsiku lachiwiri madzulo, mochedwerapo kusiyana ndi nthawi zonse, zimene zikugwirizana ndi kukhalitsa kwa mankhwalawo m'magazi. Chofunika ndi kusiyanitsa zimenezi ndi kusiya kuona mwadzidzidzi kwa diso limodzi popanda ululu, kumene kumabwera magazi akasiya kufika ku mtsempha wa diso. Vuto limeneli, lotchedwa NAION, ndi losowa koma nthawi zambiri silibwerera, ndipo FDA inalamula mu 2005 kuti lilembedwe pa machenjezo a mankhwalawa. Mu 2007 inawonjezera chenjezo la kugontha mwadzidzidzi, kawirikawiri khutu limodzi, nthawi zina pamodzi ndi kulira kwa m'khutu. Amene zoterezi zamuchitikira asiye mankhwalawo ndipo abwere kuchipatala tsiku lomwelo. Bambowa makutu awo anali bwino.

Zovuta zofala n'zazing'ono ndipo zimatha zokha. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti sildenafil avomerezedwe, mwa anthu 100 alionse pafupifupi 16 anamva mutu, 10 anamva kutentha kumaso, 7 anachita chilungulira, 4 anatsekeka mphuno ndipo 3 anaona zinthu mosintha mtundu. Tadalafil amawonjezera kupweteka kwa msana ndi minofu. Ndimaona kuti n'kofunika kuuza wodwala zimenezi asanayambe, chifukwa munthu wochenjezedwa sachita mantha ndi mutu, ndipo amazindikira msanga chimene si chachizolowezi. Amene sayenera kumwa mankhwalawa n'komwe ndi omwa nitrate, amene BP yawo ili pansi pa 90/50, amene adwala sitiroko kapena kutsekeka kwa mtsempha wa mtima posachedwapa, amene mtima umawapweteka kapena kuwabanika akangogwira ntchito yochepa, a matenda aakulu a chiwindi, a matenda obadwa nawo a retina, ndi amene anachitapo NAION.

Kumene mapiritsiwo anachokera

Mapiritsi awiri otsala anabwera nawo mayi aja tsiku lotsatira, atawapeza m'thumba la jekete, ndipo apa zinaoneka kuti chinsinsi chimene bambowo ankasunga chinali chodziwika kale m'nyumbamo. Paketiyo inalibe pepala la malangizo, ndipo tsiku lothera mphamvu linali lofufutika. Sitinganene motsimikiza kuti piritsi lililonse linalidi ndi mamiligalamu 100, pakuti mankhwala a mphamvu za abambo ali m'gulu la mankhwala amene amapangidwa mwachinyengo kwambiri padziko lonse. Tinalemba fomu ya zovuta zobwera ndi mankhwala n'kuitumiza pamodzi ndi mapiritsiwo ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board.

Tiyeneranso kukumbukira kuti wodwala angakhale atamwa sildenafil iye osadziwa. Mu 2019 akuluakulu a boma ku Zambia analetsa chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola atapeza kuti munali sildenafil, nkhani imene inayamba ndi dandaulo la bambo wina ku Uganda amene chida chake chinakana kugwa, ndipo chakumwacho chinkagulitsidwanso kuno ku Malawi. Choncho funso lakuti "mwamwa mankhwala anji" n'losakwanira. Ndi bwino kufunsa mwachindunji, wodwala ali yekha, ngati m'masiku atatu apitawa wamwa chilichonse chothandiza kuchipinda, kaya piritsi, chakumwa, khofi, uchi kapena ufa wosakaniza. Ku Britain sildenafil wa mamiligalamu 50 wakhala akugulitsidwa popanda kalata ya dokotala kuyambira 2018, koma wa mufamase amayamba wafunsa za mtima, za nitrate ndi za ritonavir asanapereke. Mafunso amenewo ndi amene bambowa sanafunsidwe ndi wina aliyense.

Zotsatira ndi chisankho chimene tinapanga

Anatuluka m'chipatala tsiku lachitatu BP ili 128/82, chida chili chotupa pang'ono pamene panalowa singano koma chosapweteka. Shuga woyeza asanadye anali 186 mg/dL, ndipo tsiku lina 174 mg/dL, zonse pamwamba pa 126 mg/dL, choncho tinawapeza ndi matenda a shuga amene sankadziwika, n'kuwayambitsa metformin. Ndikukhulupirira kuti shuga ameneyu, pamodzi ndi BP ya zaka zambiri, ndiye gwero la kulephera kwawo kuchipinda. Mitsempha yolowetsa magazi m'chida ndi yopapatiza, milimita imodzi kapena awiri, pamene ya mtima ndi mamilimita atatu kapena anayi, motero imayamba kuonetsa kuwonongeka, nthawi zambiri zaka ziwiri mpaka zisanu mtima usanayambe kudandaula. Hydrochlorothiazide, amene mwa abambo ena amakulitsa vutoli ndiponso amakweza shuga, tinamuchotsa n'kuika enalapril, ndipo amlodipine tinamubwezera pa mamiligalamu 5. Tinalembanso m'kabuku kawo kuti akadzafunika mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi asadzapatsidwe simvastatin, amene saloledwa kwa munthu wa pa ritonavir.

Patatha milungu 6 anabwera ndi akazi awo, ndipo ulendo uno bambowo ndi amene anapempha kuti mayiwo alowe nawo. Kudzuka kwa m'mawa kunali kutayamba kubwerera mwa apo ndi apo, chida chinalibe chotupa cholimba kapena kupindika, koma vuto la kuchipinda linalipobe monga kale. Anafunsa ngati angadzamwenso mankhwala aja. Anzanga ena ankaona kuti munthu amene wachitapo priapism auzidwe kuti asadzayerekezenso, ndipo maganizo amenewo ali ndi maziko. Ine ndinaona mosiyana. Priapism yawo inabwera pa mlingo woposa kwambiri umene thupi lawo likanalandira, analibe sickle cell kapena matenda ena a magazi, mtima wawo unali wolimba moti amakwera njinga mtunda wautali osabanika, ndipo vuto limene linawapititsa pamsika linali lisanathe. Kuwaletsa n'kuwasiya opanda njira ina kukanangowabwezera kwa wogulitsa yemwe uja, kapena kuwapatsa maganizo osiya ma ARV kuti mapiritsi a buluu aziwayanja, chinthu chimene ndimachiopa koposa zonse.

Tinagwirizana kudikira miyezi itatu kuti minofu ipole ndi shuga akhazikike. Itakwana, shuga wosadya ali 118 mg/dL ndipo BP ili 126/80, ndinawalembera sildenafil wa mamiligalamu 25, wogula kufamase yovomerezeka, piritsi limodzi lokha pa maola 48, ola limodzi nthawi isanakwane, osamwa mowa, ndipo osawonjezera ngakhale aone ngati silikugwira. Ndinawauza onse awiri kuti chida chikafika maola awiri chisanagwe anyamuke, asadikire kuti akwane 4 ali kunyumba, ndiponso kuti akadzamva kupweteka pamtima auze aliyense wowathandiza kuti amamwa sildenafil ndi tsiku limene anamwa komaliza. Zonsezi zinalembedwa m'kabuku kawo, ndipo a kukiliniki ya ma ARV anadziwitsidwa kuti ma ARV akadzasinthidwa mlingowu udzaunikidwenso.

Pa ulendo wawo womaliza ananena kuti mlingo umenewu ukuwakwanira nthawi zambiri, ndipo chovuta chokha ndi mutu wochepa umene umatha ndi paracetamol. Sanachitenso chizungulire, maso ali bwino, ndipo kachilombo sikakuonekabe m'magazi. Adzabweranso pakatha miyezi itatu kudzayezetsa shuga, impso, mafuta a m'magazi ndi ECG, ndipo tawatumiza kukiliniki ya maso kuti akaunikidwe retina chifukwa cha matenda a shuga.